DOTOLO WOPANDA CIPATALA: CAKA CA KUDIKIRA NDI KUYESANSO KU AMERICA

Caka ciri conse, tsiku lina Lolemba pakati pa mwezi wa March, madotolo oposa 40,000 amalandira uthenga waufupi wocokera ku kabungwe kena ka mu mzinda wa Washington ku America. Uthengawo umayankha funso limodzi lokha: kodi capezeka cipatala cimene cabvomera kumtenga dotoloyo kuti atsirize maphunziro ake, kapena iai? Ambiri amauzidwa kuti malo apezeka. Koma ena zikwi zingapo amauzidwa kuti palibe cipatala cimene cawatenga, ndipo pakati pao pali ana ambiri a ku Africa, ku India, ku Pakistan ndi ku maiko ena akutali.

Anthu amenewa sanalephere mayeso ai. Onse anatsiriza sukulu la udotolo kapena ali pafupi kutsiriza. Komatu lamulo la ku America liri lakuti dotolo sapatsidwa ciphaso cogwira nchito payekha asanakhale caka cimodzi kapena kuposa m'cipatala, kuphunzira pansi pa madotolo akulu. Maphunziro amenewa amawacha residency. Wofuna kukhala dotolo wa ana kapena wa matenda a m'kati mwa thupi amakhalako zaka 3, wocita opaleshoni zaka 5, ndipo wocita opaleshoni ya bongo zaka 7. Amene wasowa malo otere ali ngati mlimi amene ali ndi khasu ndi mbeu koma munda alibe.

Makolo amene anakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 muno m'Zambia alidziwa bwino bvuto la mtundu uwu. Masiku aja ana ambiri anali kulemba bwino mayeso a Grade 7, koma malo a Form 1 anali ocepa, motero mwana wanzeru ndithu anali kubwerera kumudzi. Ena anabwereza kalasi napambana caka cotsatira, ena anangotayirira. Nkhani ino ikamba za madotolo amene asankha kubwereza, ndi zimene zimasiyanitsa amene amapeza malo paulendo waciwiri ndi amene amasowanso.

CIYAMBI CA CISANKHO CA MATCH

Kale zinthu zinali mwa mtundu wina. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 zipatala za ku America ndizo zinali kulimbirana madotolo atsopano, pakuti malo anali ambiri kuposa ophunzira. Zipatala zina zinafika pomlonjeza nchito wophunzira kutatsala zaka ziwiri kuti atsirize sukulu. Pambuyo pake zinayamba kutumiza mau akuti wophunzira abvomere nchito m'maola owerengeka cabe, akacedwa malowo apatsidwa wina. Wophunzira anali kubvomera cipatala cimene sanacifune, poopa kutaya zonse.

Pofuna kuthetsa cisokonezo cimeneci, mu 1952 kunakhazikitsidwa kabungwe kamene lero kachedwa National Resident Matching Program, ndipo nchito yake anthu amangoicha Match. Caka coyambaco malo anali oposa 10,000 pamene ophunzira otsiriza sukulu anali pafupi-fupi 6,000 okha.

Kacitidwe kake ndi aka. Dotolo ali yense amalemba mndandanda wa zipatala zimene afuna, kuyambira cimene acikonda koposa. Cipatala naconso cimalemba mndandanda wa madotolo amene cinakambirana nao ndi kuwakonda. Mindandanda yonseyi ndi yacinsinsi, ndipo imaikidwa m'makina a kompyuta. Makinawo amayamba kumpereka dotolo ku cipatala cimene anacilemba poyamba. Ngati cipatalaco cinamlemba ndipo malo alipo, cimamsunga poyembekezera. Kukabwera wina amene cipatala cinamuika patsogolo, woyamba uja amacotsedwa ndi kuperekedwa ku cipatala caciwiri ca pa mndandanda wake. Zimapita motero kufikira onse atakhazikika kapena mindandanda yao itatha.

Nzeru imeneyi ifanana ndi kufunsira mbeta, ndipo akatswiri awiri a masamu, David Gale ndi Lloyd Shapley, anaifotokoza mu 1962 ndi citsanzo comweco ca ukwati. Katswiri wa za cuma, Alvin Roth, anathandiza kukonzanso kacitidwe ka Match, ndipo njira yatsopanoyo inayamba kugwira nchito mu 1998. Mu 2012 a Roth ndi a Shapley analandira mphoto ya Nobel cifukwa ca nchito imeneyi. Cofunika kucidziwa ndi cakuti makinawo salenga malo atsopano. Amangogawa amene alipo, ndipo sangampereke dotolo ku cipatala cimene iye sanacilembe kapena cimene sicinamlembe iye.

MALO NDI OCEPA KUPOSA OFUNA

Lero zinthu zinatembenuka. Mu 2024 malo onse anali 41,503, pamene madotolo amene anapereka mindandanda yao anali 44,853. Cimodzi mwa zifukwa zake ndi lamulo limene nyumba ya malamulo ya ku America inapanga mu 1997. Ndalama zambiri zolipirira maphunziro a m'cipatala zimacokera ku thumba la boma lochedwa Medicare, ndipo lamulolo linaika malire pa ciwerengero ca malo amene thumbalo lingalipirire. Zipatala zina zaonjezera malo ndi ndalama zao-zao, ndipo kumapeto kwa 2020 nyumba ya malamulo inabvomera malo ena 1,000 kuti agawidwe m'zaka zisanu. Koma ofunsira nao aonjezeka.

Katunduyu salemera mofanana kwa onse. Mu 2024, pa ophunzira 100 ali onse amene anali kutsiriza m'masukulu a ku America komweko, oposa 90 anapeza malo. Pa nzika za America zimene zinakaphunzira udotolo kunja, 67 pa 100 ndiwo anapeza. Alendo amene anaphunzira kunja anali pafupi-fupi 10,000, ndipo amene anapeza malo anali 5,864. Ndiko kunena kuti oposa 4,000 anatsala m'manja muli mbee.

Pali ciwerengero cina cimene wofuna kuyesanso ayenera kucisinkha-sinkha. Pa madotolo a masukulu a ku America amene anatsiriza zaka za m'mbuyo, gulu limene muli ambiri oyesa kaciwiri, amene anapeza malo mu 2024 sanafike ndi theka lomwe. Motero ulendo waciwiri suli wapafupi kuposa woyamba. Khomo liri lotseguka ndithu, koma lacepa.

SABATA LA MISOZI

Amene walandira uthenga woipa Lolemba lija alibe nthawi yolira. Tsiku lomwelo amaonetsedwa mndandanda wa zipatala zimene malo ao sanadzaze, ndipo amaloledwa kufunsira ku malo osapitirira 45. Dongosolo limeneli lichedwa SOAP, ndipo linayamba mu 2012. Lisanayambe, osowa malo anali kungoimba lamya ku zipatala mopikisana ngati anthu olimbirana cimanga ca cithandizo, ndipo amene lamya yake yalowa msanga ndiye anali kupata mwai. Tsopano dotolo saloledwa kuyamba ndiye kulankhula ndi cipatala. Ayenera kukhala pafupi ndi lamya kudikira kuti aitanidwe. Lacinai zipatala zimapereka malo, ndipo wopatsidwa ali ndi maola awiri okha kuti abvomere kapena akane.

Malo otsalawa ndi ocepa. Mu 2024 anali pafupi-fupi 2,500, ndipo owafuna anacuruka kuwirikiza kangapo. Ndiponso ena mwa malowo ndi a caka cimodzi cokha, kotero kuti wowatenga adzafunikabe kufunsira kwina caka camawa. Lacisanu la sabata lomwelo anzao amene anapeza malo amatsegula makalata ao pamaso pa makolo ndi abale, ndi kudziwa cipatala cimene adzapitako pa 1 July. Kwa wosowa malo tsiku limenelo ndi lowawa koposa onse.

Cisoni cimeneci si cacing'ono. Wophunzira udotolo wa ku America kawiri-kawiri amatsiriza sukulu ali ndi nkhongole ya madola pafupi-fupi 200,000, ndipo patapita miyezi isanu ndi umodzi eni ndalama amayamba kuzifuna. Mlendo naye amakhala atadya cuma ca banja lonse. Manyazi amacititsa ena kubisala, osayankha makalata a anzao ndi aphunzitsi ao. Kumeneko ndiko kulakwa koyamba, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anthu amene angamthandize munthu wotere ndiwo omwewo amene iye ali kuwathawa.

KUFUFUZA PAMENE PANALAKWIKA

Dotolo wabwino sapereka mankhwala asanadziwe nthenda. Alangizi a m'masukulu a udotolo amagwirizana pa mfundo imodzi: amene atumizanso makalata omwewo ku zipatala zomwezo asayembekezere yankho lina. Nchito yoyamba ndiyo kufufuza pamene panalakwika, ndipo funso lotsegulira ndi ili: kodi zipatala zimene zinamuitana kukakambirana naye zinali zingati?

Ngati sizinamuitane konse, kapena zinamuitana ziwiri kapena zitatu zokha, ndiye kuti bvuto liri m'makalata. Mwina malikisi a mayeso anali ocepa. Mwina panali mayeso amene analephera poyamba. Mwina makalata aumboni anali ozizira, olembedwa ndi anthu amene sanamuone akugwira nchito. Mwinanso anafunsira ku zipatala zimene sizitenga alendo, kapena zimene sizithandiza pa za ciphaso colowera m'dziko. Zipatala zimalandira makalata zikwi-zikwi, ndipo zambiri zimayamba ndi kusefa ndi makina, kotero kuti kalata yosafika pa muyeso wao siwerengedwa ndi munthu ali yense.

Koma ngati zinamuitana khumi kapena kuposa, ndipo palibe ndi cimodzi comwe cimene cinamtenga, ndiye kuti makalata ali bwino, bvuto liri pa kakambidwe kake. Ena amayankha ngati aloweza pamtima. Ena amalephera kufotokoza cifukwa cake afuna nchitoyo. Ena amaoneka odzikuza, kapena amanyoza kumene anacokera. Izi munthu sangadzione yekha, pakuti diso silidziona. Afunika kupeza dotolo wamkulu wosanyengerera kuti amfunse mafunso monga amafunsira ku cipatala, ndi kumuuza zoona.

Pali cifukwa cacitatu, ndico kulakwitsa mndandanda. Ena amalemba zipatala zowerengeka zokha, zochuka, nasiya zina zimene zinawaitana. Ziwerengero za kabungwe ka Match zasonyeza caka ndi caka kuti amene ali ndi mndandanda wautali ndiwo amapeza malo kawiri-kawiri. Ena amaika patsogolo cipatala cimene aganiza kuti cidzawatenga m'malo mwa cimene acifunadi, osadziwa kuti makinawo anapangidwa mwakuti kunena zoona sikumtayitsa munthu kanthu. Enanso amakhulupirira mau okoma a mkulu wa cipatala onena kuti anawakonda, pamene mau otere sali lonjezo.

Cifukwa cacinai ndico kusankha nthambi yopikisana koposa. Nchito za matenda a khungu, opaleshoni ya mafupa ndi opaleshoni ya bongo zimafunidwa ndi ambiri, ndipo ngakhale ophunzira anzeru a ku America komweko amatsala. Pamene nthambi ya dotolo wa banja, amene amaona matenda onse monga acitira dotolo wa pa cipatala ca boma laling'ono, inatsala ndi malo oposa 600 osadzaza mu 2024. Caka ca 2023 nthambi ya matenda a mwadzidzidzi inatsala ndi malo oposa 500.

MIYEZI ISANU NDI UMODZI YOKHA

Anthu amakamba za caka ca kudikira, koma kweni-kweni nthawi yake siikwana caka. Makalata atsopano amatumizidwa mu September, ndipo zipatala zimaitana anthu kuyambira October kufikira January kapena February. Cotero kucokera March munthu ali ndi miyezi isanu ndi umodzi yokha yoti apeze cinthu catsopano colemba m'makalata ake. Amene akhala miyezi itatu ali cigonere ndi cisoni wataya kale theka la nthawiyo.

Coyamba ndi mayeso. Madotolo ambiri ofuna kugwira nchito ku America amalemba mayeso ochedwa USMLE, amene ali m'zigawo zitatu. Kuyambira January 2022 cigawo coyamba sicionetsanso malikisi, cimangonena kuti wapambana kapena walephera, motero maso a zipatala ali pa malikisi a cigawo caciwiri. Lamulo silimlola amene wapambana kale cigawo kuti acilembenso pofuna malikisi ambiri. Cimene cimtsalira ndico cigawo cacitatu, cimene ambiri amalemba atalowa kale m'cipatala. Woyesanso akacilemba msanga napambana, amacotsa mantha a cipatala akuti mwina adzalephera pambuyo pake. Cigawo cimeneci cimalembedwa ku America kokha.

Caciwiri ndico kusatalikirana ndi odwala. Zipatala zimaopa dotolo amene manja ake azizira, ndipo zambiri sizikonda amene anatsiriza sukulu zaka zambiri zapitazo. Caka ciri conse cimene cipita cimamcotsera munthu mwai. Ophunzira ena a ku America amapempha sukulu lao kuti licedwetse tsiku lao lotsiriza ndi caka cimodzi, kuti apitirize kulowa m'zipinda za odwala monga ophunzira. Ena amatenga malo aja a caka cimodzi, nagwira nchito molimbika kuti mkulu wao awalembere kalata yabwino. Alendo amafuna mpata wotsatira madotolo a ku America pa nchito yao kwa milungu ingapo, ngakhale kuti kawiri-kawiri saloledwa kugwira wodwala ndipo amalipira okha.

Zigawo zina za dzikolo zatsegula timakomo tina. Mu 2014 cigawo ca Missouri cinapanga lamulo lolola dotolo wosowa malo kugwira nchito ku madera osowa madotolo, pansi pa dotolo wamkulu. Mu 2023 cigawo ca Tennessee cinapanga lamulo lopatsa mpata madotolo amene anaphunzira ndi kugwira kale nchito ku maiko ena, ndipo zigawo zina zatsatira. Koma njira zimenezi ziri ndi malamulo ake-ake, ndipo amene adzeramo ndi owerengeka.

Cacitatu ndi nchito ya kafuku-fuku. Kuthandiza madotolo akulu pofufuza za matenda kumampatsa munthu zinthu ziwiri: dzina lake limaoneka m'zolemba za akatswiri, ndiponso amadziwana ndi anthu amene mau ao amamveka. Caciwirico ndico cacikulu. Kalata yocokera kwa dotolo amene wamuona munthu tsiku ndi tsiku kwa miyezi ingapo, ndi lamya imodzi imene dotoloyo angaimbe kwa mnzake, zimaposa mapepala ambiri. Ena amalowa maphunziro ena, monga a za umoyo wa anthu onse, koma alangizi amacenjeza kuti digiri yatsopano siikonza malikisi ocepa kapena kakambidwe koipa. Imangoonjezera nkhongole ngati nthenda inali kwina.

KULEMBANSO MAKALATA

Pofika September zonse ziyenera kukhala zatsopano. Makalata aumboni akhale a caka comweco. Kalata imene dotolo amafotokozamo mbiri yake ndi zolinga zake ilembedwenso kuyambira paciyambi. Zipatala zimadziwa kuti munthuyo ayesa kaciwiri, pakuti tsiku lotsiriza sukulu limaoneka poyera, motero kubisa kulibe phindu. Funso lakuti cinacitika n'ciani caka catha lidzafunsidwa ndithu. Yankho labwino ndi lalifupi: linene cimene cinacepa, cimene munthuyo wacita pocikonza, ndi cimene waphunzira. Amene ayamba kuloza zala sukulu lake, aphunzitsi ake kapena tsoka amadzitsekera yekha khomo.

Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa, koma pa nkhani iyi alangizi ambiri amati woyesanso afunsire ku nthambi ziwiri, imene aikonda ndi ina imene malo ake ndi ambiri. Afunsirenso ku zipatala za m'matauni ang'ono ndi za kumidzi, osati za m'mizinda yochuka yokha. Koma asalembe cipatala cimene sangafune kupitako, cifukwa cisankho ca Match ndi pangano lomanga, ndipo wolikana amalangidwa.

M'zaka zaposacedwa kwabwera njira ina yothandiza. Popeza anthu anali kufunsira ku zipatala zoposa 100 nthawi imodzi, zipatala zinasowa kudziwa amene azifunadi. Tsopano wofunsira amapatsidwa zizindikiro zowerengeka zoti atumize ku zipatala zimene azikonda koposa. Woyesanso wanzeru sataya zizindikiro zake ku zipatala zimene sizinatengepo munthu wonga iye. Ndiponso kuyambira mu 2020, nthawi ya mliri wa COVID-19, zipatala zambiri zimakambirana ndi ofunsira pa kanema wa intaneti, ndipo ici capeputsa ndalama za ulendo.

ZIMENE BANJA LIYENERA KUDZIWA

Nkhaniyi ingaoneke ngati ya kutali, koma imafika ndi m'midzi momwe. Mwa madotolo anai ali onse ogwira nchito ku America, mmodzi anaphunzira kunja kwa dzikolo, ndipo ana a m'Zambia amene amayesa njirayi amadalira abale ao. Pempho la ndalama likafika kumudzi, ndi bwino kuti banja lidziwe cimene ligulitsira ng'ombe kapena matumba a cimanga.

Mlendo asanayambe maphunziro a m'cipatala ayenera kukhala ndi kalata ya kabungwe kochedwa ECFMG, kamene kanayamba mu 1956 ndipo kali mu mzinda wa Philadelphia. Kabungweka kamatsimikiza kuti sukulu limene munthu anaphunzirako liri lodziwika, kuti wapambana zigawo ziwiri zoyamba za mayeso, ndi kuti alankhula bwino Cingerezi ca m'cipatala. Mu 2024 cigawo ciri conse ca mayeso cinali kudya madola pafupi-fupi 1,000, ndipo kufunsira ku zipatala zambiri kumadya madola ena zikwi zingapo. Wosowa malo sabwezeredwa ndi ngwee yomwe, ndipo poyesanso amalipiranso ndalama zofunsira.

Palinso nkhani ya ciphaso colowera m'dziko. Alendo ambiri amalowa ndi ciphaso cochedwa J-1, cimene cimawalamula kubwerera kwao kwa zaka ziwiri akatsiriza, pokha-pokha atabvomera kukagwira nchito ku madera a ku America osowa madotolo. Mu August 2025 boma la America linalamula kuti nzika za Zambia ndi Malawi zofuna ciphaso ca ulendo waufupi ziziyamba zapereka cikole ca madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Malamulo a ziphaso amasintha kawiri-kawiri, motero munthu afunse ku ofesi ya kazembe asanataye ndalama pa cina ciri conse. Safunsa anadya phula.

Banja licenjerenso ndi akathyali. Palibe munthu kapena kampani imene ingagulitse malo a Match. Amene alonjeza malo posinthana ndi ndalama ndi wakuba. Pali enanso ogulitsa mafunso a mayeso mobisa, ndipo kumayambiriro kwa 2024 akulu a mayeso anafafaniza malikisi a anthu mazana angapo amene anawaganizira kuti anaona mafunso pasadakhale.

Koposa zonse, mwana amene wasowa malo asachedwe wolephera. Mau a makolo onena kuti tiri nawe amathandiza kuposa mafunso osatha akuti udzayamba liti nchito. Koma cikondi comweco cifuna kuti banja likhale pansi ndi kupangana poyera kuti adzayesa kangati, ndalama zidzacokera kuti, ndipo cidzacitika n'ciani ngati paulendo waciwiri kapena wacitatu malo sapezekabe. Ana ena a m'banjamo nao afuna sukulu.

NJIRA ZA KUNO KWAO

Kudikira kwa dotolo watsopano si kwa ku America kokha. Sukulu la udotolo la University of Zambia linatulutsa madotolo ake oyamba mu 1973. Lero masukulu acuruka: Copperbelt University inatsegula lake ku Ndola mu 2011, ku Lusaka kuli Levy Mwanawasa Medical University, ndipo pali ena a anthu wamba. Otsiriza nao ayenera kuyamba agwira nchito pansi pa madotolo akulu asanalembedwe mokwanira m'kaundula wa Health Professions Council of Zambia. Ambiri akhala miyezi, ena zaka, kudikira kuti boma liwalembe nchito, ndipo ena agwira nchito modzipereka popanda malipiro. Mu 2022 boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi, koma masukulu apitirizabe kutulutsa atsopano caka ndi caka.

Kwa dotolo amene afuna ukatswiri, makomo a kuno alipo. University of Zambia imaphunzitsa digiri ya ukatswiri ku University Teaching Hospital. Kuyambira mu 2018 Unduna wa za Umoyo uli ndi maphunziro a ukatswiri m'zipatala zina zazikulu za m'zigawo. Kabungwe ka COSECSA, kamene kanayamba mu 1999 ndipo likulu lake liri ku Arusha ku Tanzania, kamaphunzitsa madotolo a opaleshoni m'zipatala za m'maiko ao omwe. Dotolo wa m'Zambia amene wasowa malo ku America ali ndi mwai umene mnzake wa kumeneko alibe: ngati ali ndi ciphaso ca kuno, angathe kubwerera ku odwala pamene ali kukonzeka kuyesanso. Caka cogwira nchito pa cipatala ca St Francis ku Katete, ku Chipata kapena ku Lundazi cimasunga manja ake ali otentha, ndipo cimampatsa zoona zoti akanene akadzafunsidwa kuti anacita ciani m'caka ca kudikira.

Ena mwa iwo adzayesanso napeza malo. Kumeneko adzalandira madola oposa 60,000 pa caka, ndipo adzagwira nchito kufikira maola 80 pa sabata, amene ndiwo malire a lamulo kuyambira mu 2003. Ena adzayesa kawiri kapena katatu, nasankha kukhazikika kwao, kumene mai woyembekezera ndi mwana wodwala malungo safunsa ngati dotolo anasankhidwa ndi makina a ku Washington. Onsewa ndi madotolo ndithu. Cimene wosowa malo ayenera kucita Lolemba lija litapita ndico kuuza abale ake zoona, kupita kwa mlangizi ndi makalata ake onse, ndi kulemba pa pepala zimene adzakhala atasintha pofika September.